Nthanda ndi Nyimbo Yopanda Mawu

Loweruka lina m'mawa, chitseko cha holo chinatseguka pang'onopang'ono.

Munalowa mayi ena achilendo. Anali achikulire. Anavala chipewa chachikulu chobiriwira. Chipewacho chinkabisa maso awo.

Sanapereke moni. Sananene kumene achokera. Anangokhala pampando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Woyamba kuwaona anali Nthanda.

Nthanda anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Mississauga, m'dziko la Canada, ndi amayi ake. Ankakhalanso ndi agogo ake aamuna, Agogo Jailosi.

Nthanda ankakonda kuimba. Ankaimba posamba. Ankaimba m'basi. Ankaimba ngakhale potsuka mano.

Koma nyimbo imodzi inkamusowetsa mtendere. Nyimboyo inalibe mawu. Nthanda ankafuna mawu ake.

Chaka chilichonse mu Juni, Amalawi ankakumana kupaki. Ena ankachokera ku Markham. Ena ankachokera ku Toronto. Anzawo a ku Zambia ankabweranso.

Ankakumana kuti akumbukire.

Kale ku Malawi kunali nthawi ya mantha. Munthu ankamangidwa chifukwa cha mawu. Munthu ankamangidwa chifukwa cha nyimbo. Kenako anthu anati, "Basi! Tatopa!" Anavota. Anapeza ufulu wolankhula.

Pa tsiku lokumbukiralo ana ankaimba. Mphunzitsi wa kwaya yawo anali Agogo Jailosi. Loweruka lililonse ankaphunzitsa anawo muholo ya pansi pa tchalitchi.

Nyimbo yomaliza sinkasintha. Agogo ankakweza dzanja. Ana onse ankatseka pakamwa.

"Mmm, mmm, mmm. Mmm, mmm, mmm."

Nyimbo yonse inali yomweyo. Inali yokoma. Inali yachisoni. Koma inali mmm basi.

Loweruka lija, mayi achilendo aja atalowa, ana anayambanso.

"Mmm, mmm, mmm."

Kunja kunadutsa ndege. Wuuu! Nyimbo ya ana sinamvekenso.

Malcolm, mnzake wa Nthanda, ndiye ankaimba ng'oma. Iye ananong'ona.

"Tikulira ngati firiji ya kwathu," anatero.

Ana anaseka. Nthanda anakweza dzanja.

"Agogo, why?" anafunsa.

"Iwe kamzungu kanga, funsa m'Chichewa," anatero Agogo.

"Chifukwa chiyani timaimba chotseka pakamwa?"

"Eya, wafunsa bwino," anatero Agogo. "Tsopano tseka pakamwa."

"Koma mawu ake ali kuti?"

"Nyimbo iyi ilibe mawu."

"Nyimbo iliyonse ili ndi mawu, Agogo!"

"Iyi ilibe. Kwathu ku Mchinji tinkaimba chonchi. Tiyeni, tiyambenso."

Nthanda anatseka pakamwa. Koma maso sanatseke. Anayang'ana kumbuyo.

Mayi achilendo aja sankaimba mmm. Milomo yawo inkagwedezeka. Inkatseguka. Inkatsekeka. Inkatsegukanso.

Mtima wa Nthanda unagunda. Gu, gu, gu.

Mayiwo ankadziwa mawu!

Nthawi yopuma inakwana. Ana anathamangira mandasi. Nthanda anatenga awiri. Anapita nawo kumbuyo. Anagwada pang'ono, napereka ndi manja awiri.

"Muli bwanji, Agogo?"

"Nili bwino, mwana wanga. Zikomo maningi."

"Mukulankhula ngati Anti Cynthia a ku Lusaka!"

"Nakhala ku Lusaka zaka zambili," anatero mayiwo.

"Dzina lanu ndani?"

Mayiwo anayang'ana mandasi aja. Anayang'ana chitseko.

"Anthu amaniitana Mathilda. Nanga iwe?"

"Ndine Nthanda."

Amayi Mathilda anakweza chipewa chawo pang'ono. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

Nthanda anayandikira. Ananong'ona.

"Ndaona milomo yanu. Mawu aja mukuwadziwa."

"Uli na maso akuthwa, iwe."

"Ndiphunzitseni. Chonde."

"Bwela pafupi," anatero Amayi Mathilda. "Koma osauza munthu wamene wakuphunzitsa. Ni chinsinsi."

"Ndi chinsinsi," anatero Nthanda.

Amayi Mathilda anaimbira m'khutu mwake.

"Mwatseka chitseko,
koma mphepo yalowa."

Nthanda anamva ngati kamphepo kadutsa pakhosi pake.

"Enanso?" anafunsa.

"Sabata yamawa."

Sabata imeneyo inatalika. Nthanda anayenda ndi mawu aja kulikonse. Anapita nawo kusukulu. Anagona nawo. Anawalota akuuluka pamwamba pa nyumba ngati mbalame.

Loweruka linafika. Chipewa chobiriwira chinalipo pampando wakumbuyo.

Nthanda anatenganso mandasi awiri. Amayi Mathilda anaimbiranso m'khutu mwake.

"Mwatseka mtsinje,
koma madzi adutsa."

"Ndani anatseka mtsinje?" anafunsa Nthanda.

"Anthu amene anali kuopa madzi."

"Enanso?"

"Atsala omaliza. Sabata yamawa."

Lamulungu masana, Nthanda ankatsuka mbale. Agogo Jailosi ankamwa tiyi. Nthanda anaiwala kuti sali yekha. Pakamwa panatseguka pokha.

"Mwatseka chitseko, koma mphepo yalowa..."

Phwaa!

Kapu ya Agogo inagwa pansi. Inasweka.

"Wamva kuti mawu amenewo?" anafunsa Agogo.

"Ndiye kuti mawu alipo!" anatero Nthanda.

"Ndati wamva kuti?"

"Ndi chinsinsi, Agogo."

Agogo anapita pazenera. Anakoka katani. Analankhula motsitsa mawu.

"Ndi mayi a chipewa aja, eti? Sitikuwadziwa. Kale anthu otere ankabwera. Ankakhala kumbuyo. Ankamvetsera. Mawa lake munthu wasowa."

"Koma kuno ndi ku Canada, Agogo."

"Mantha sadziwa Canada," anatero Agogo. "Tamvera. Ukadzaimba mawu amenewo kupaki, kwaya watuluka. Wamva?"

Nthanda anayang'ana zidutswa za kapu pansi.

"Nthanda, wamva?"

"Ndamva," anatero Nthanda. "Koma sindinavomere."

Agogo analowa kuchipinda kwawo. Anatseka chitseko.

Amayi ake a Nthanda anabwera ndi tsache. Anayamba kusesa zidutswa za kapu.

"Amayi, Agogo sakundikondanso?"

"Amakukonda kwambiri," anatero Amayi. "N'chifukwa chake akuopa."

"Akuopa chiyani?"

Amayi anakhala pansi. Anamukhazika Nthanda pambali pawo.

"Agogo ako ali mwana, anali ndi achemwali awo. Achemwaliwo ndiwo anapeka nyimbo ija. Anaiimba pamsika. Tsiku lina kunabwera galimoto. Inawatenga. Sanabwererenso."

"Anapita kuti?"

"Anthu anati anamwalira kundende. Zitatero, a m'mudzi ankaimbabe nyimboyo. Koma ankaimba chotseka pakamwa. Munthu sangamangidwe chifukwa cha mmm."

"Dzina lawo anali ndani?"

"Ngakhale ine sindidziwa. Agogo ako sanenapo."

Nthanda anaganiza. Anaganizanso.

"Amayi, ku Juni timakumbukira ufulu wolankhula, eti?"

"Eya."

"Ndiye tikukumbukira chotseka pakamwa?"

Amayi anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Anapitiriza kusesa.

Loweruka linafikanso. Linali lomaliza tsiku la kupaki lisanafike.

Nthawi yopuma, Nthanda anathamangira kumbuyo. Mandasi anaiwala.

"Fulumirani," anatero. "Mawu omaliza."

Amayi Mathilda anawerama. Anayamba.

"Mwatseka pakamwa panga,
koma..."

"Amayi!"

Anali Agogo Jailosi. Anaima kumbuyo kwa Nthanda. Nkhope yawo inali yolimba.

"Amayi, sitikukudziwani. Simunatiuze amene wakutumani. Musiyeni mdzukulu wanga. Chonde, muno musadzabwerenso."

Amayi Mathilda anaweramuka. Anatsitsa chipewa chawo. Anadzuka. Anatuluka.

"Agogo, mwalakwitsa!" anafuula Nthanda.

Anathamanga. Anakwera masitepe. Anatuluka panja.

Amayi Mathilda anali pamalo okwerera basi, patsogolo pa tchalitchi. Basi inali itaima kale.

"Dikirani! Koma chiyani? Mwatseka pakamwa panga, koma chiyani?"

Amayi Mathilda anacheuka. Maso awo anali ofiira.

"Nyimbo ni yako manje, Nthanda. Ukafuna, imba."

"Koma mawu omaliza!"

Amayi Mathilda anakwera basi. Chitseko chinatsekeka. Basi inanyamuka. Chipewa chobiriwira chinapita.

Tsiku la kupaki linafika.

Dzuwa linawala. Anthu anadzaza. Amayi anavala zitenje zowala. Abambo ankaotcha nkhuku ndi chimanga. Makanda ankakwawa paudzu.

Nthanda anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona zipewa zofiira. Anaona zipewa zoyera. Chobiriwira panalibe.

"Ukufunadi kuimba mawu aja?" anafunsa Malcolm.

"Eya."

"Agogo ako akutulutsa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye omaliza ukuwadziwa?"

"Ayi."

"Ndiwe wamisala," anatero Malcolm. Kenako anamwetulira. "Ndimenya ng'oma mwamphamvu."

Akuluakulu analankhula. Ena anakamba za ndende. Ena anakamba za tsiku lovota. Ena analira pang'ono.

Kenako ana anaima pamzere. Anaimba nyimbo yoyamba. Anaimba yachiwiri. Anthu anaomba m'manja.

Yomaliza inafika.

Agogo Jailosi anakweza dzanja. Ana onse anatseka pakamwa.

"Mmm, mmm, mmm."

Nthanda anali kutsogolo, pafupi ndi maiki. Ankaikonda kwaya. Ankawakonda Agogo. Mtima unagunda. Gu, gu, gu.

Anapuma mpweya wambiri.

Anatsegula pakamwa.

"Mwatseka chitseko,
koma mphepo yalowa!"

Anthu anadzidzimuka. Abambo ootcha nkhuku anasiya kutembenuza.

Agogo anapukusa mutu. Anaika chala pamlomo.

Nthanda anawaona. Sanasiye.

Agogo anayenda msanga. Anazula chingwe cha maiki.

Nthanda anasiya maikiyo. Anapita patsogolo. Anaima paudzu. Anakweza mawu ake onse.

"Mwatseka mtsinje,
koma madzi adutsa!"

Du! Du! Du! Malcolm anamenya ng'oma.

"Koma madzi adutsa!" anabwereza ana ena.

Nthanda anayang'ana Agogo m'maso.

"Mwatseka pakamwa panga,
koma..."

Mawu anatha.

"Koma..." anateronso Nthanda.

Ng'oma inasiya. Ana anasiya. Paki yonse inangoti zii.

Nthanda anamva misozi ikubwera. Koma pakamwa sanatseke.

Pamenepo kunamveka mawu kuchokera kumbuyo. Anali mawu okalamba. Anali onjenjemera. Koma anali okwera.

"Koma mlongo wanga adzaimba!"

Anthu onse anacheuka.

Kuseri kwa mtengo waukulu kunatuluka chipewa chobiriwira.

Amayi Mathilda ankayenda pang'onopang'ono. Anthu anawapatukira. Anafika kutsogolo. Anavula chipewa chija. Tsitsi lawo linali loyera ngati thonje.

Anaimbanso. Ulendo uno anayang'ana Agogo Jailosi.

"Mwatseka pakamwa panga,
koma mlongo wanga adzaimba."

Chingwe cha maiki chinagwa m'manja mwa Agogo.

"Mawu amenewo sanaimbidwepo pamsika," anatero Agogo. "Anaimbidwa kunyumba. Anaimbira ine ndekha."

"Eya," anatero mayiwo. "Unali pamsana panga. Unkalira chifukwa cha chilonda cha kuphazi."

Tsopano sankalankhula ngati a ku Lusaka. Ankalankhula ngati Agogo.

"Achemwali?" anatero Agogo.

"Jailosi."

"Anatiuza kuti munamwalira."

"Ananama. Atanditulutsa kundende, ndinathawira ku Zambia. Ndinasintha dzina kuti asandipeze. Ufulu utabwera, ndinabwerera kumudzi. Ndinapeza mabwinja. Palibe ankadziwa kumene munapita."

"Anatithamangitsa," anatero Agogo.

"Chaka chino ndabwera kwa mwana wanga ku Markham. Anandionetsa kwaya iyi pafoni. Ndinamva mmm. Ndinazindikira nyimbo yanga. Kenako ndinaona makutu akowo, Jailosi. Sanasinthe. Akadali ngati mapiko a mleme."

Anthu anaseka. Ena ankaseka uku akulira.

"Nanga osanena bwanji?" anafunsa Agogo. "Ine ndinakuthamangitsani ngati mlendo!"

"Ndinkaopa. Munavutika chifukwa cha nyimbo yanga. Ndimati mwina undikana."

"Nonse awiri mumaopa!" anatero Nthanda. "Akuluakulu inu!"

Anthu anasekanso.

Agogo Jailosi anagwira manja a achemwali awo. Anawagwira ndi manja awiri. Sanafune kuwasiya.

"Munati mlongo wanu adzaimba," anatero Agogo. "Ndachedwa, Achemwali."

"Wachedwadi. Koma dzuwa likadalipo."

Agogo anatembenukira kwa ana. Anapukuta misozi. Anakweza dzanja.

Ana anayamba kutseka pakamwa.

"Ayi!" anatero Agogo. "Tsegulani! Malcolm, ng'oma!"

Du! Du! Du!

Agogo Jailosi anayamba okha. Mawu awo anali aakulu ngati bingu.

"Mwatseka chitseko!"

"Koma mphepo yalowa!" anayankha ana.

"Mwatseka mtsinje!"

"Koma madzi adutsa!" anayankha amayi a zitenje.

"Mwatseka pakamwa panga!"

"Koma mlongo wanga adzaimba!" inayankha paki yonse.

A ku Markham anaimba. A ku Toronto anaimba. A ku Zambia anaimba. Amayi ena analuluta. Anthu odutsa ndi agalu awo anaima kuti amvere.

Anaimba. Anabwereza. Anabwerezanso.

Nyimbo itatha, banja linakhala paudzu. Amayi ake a Nthanda anagwada. Anapereka moni kwa azakhali awo atsopano. Anabweretsa chimanga chootcha.

Nthanda anakhala pakati pa agogo awiri.

"Agogo, kwaya ndatuluka?" anafunsa.

"Watuluka," anatero Agogo Jailosi. "Ndipo walowanso. Mawa uyambe kuphunzitsa anzako."

"Mawa ndi Lamulungu, Agogo."

"Taonani, Achemwali. Mwana uyu ndi wamakani."

"Watengera kumtundu," anatero achemwali awo.

Nthanda anakoka chipewa chobiriwira. Anachivala. Chinamufika m'mphuno. Anachikweza pang'ono.

"Chinsinsi chimodzi chatsala," anatero. "Inu si Amayi Mathilda. Dzina lanu lenileni ndani?"

Agogo awiriwo anayang'anana.

"Ndinene ine?" anafunsa Agogo Jailosi.

"Yamba ndiwe."

Agogo anagwira dzanja la Nthanda.

"Utabadwa iwe, amayi ako anakuika m'manja mwanga. Anati, 'Ababa, mutcheni dzina.' Ine ndinali ndi dzina limodzi mumtima. Ndinkaopa kunena kuti ndi la ndani. Koma ndinkafuna kulimva m'nyumba tsiku lililonse."

Nthanda anatong'ola maso. Anayang'ana agogo atsopano aja.

Iwo anamwetulira. Ulendo uno sananong'one. Ananena mokweza, kuti paki yonse imve.

"Dzina langa ndine Nthanda."